Ndakuikira Sikelo M'chikwama

Bangwe
Lachinayi masana

Mwana wanga Pilirani,

Ndikulemba kalata ino iwe uli ku saluni kokamangitsa tsitsi la paulendo. Mashini ndawavindikira, amayi awiri amene anabwera ndi nsalu za chinkhoswe ndawauza kuti adzabwere Lolemba, ndipo ndakhala pakhonde pano ndi cholembera. Ndikanatha kukuuza zonsezi pakamwa, koma umandidziwa. Ndikayamba kulankhula ndimathera kulira kapena kukalipa, iwe n'kumati, "Amayi, mwayambanso." Papepala pano sungandidule mawu.

Choyamba ndikuuze kuti mtima wanga wakhala m'malo. Dzulo kuchipatala, adokotala aja atayang'ana kabuku kanga n'kunena kuti, "Mayi, shuga watsika, BP nayonso ili bwino, bala lapola. Za jakisoni zija tiiwale kaye, pitirizani mapiritsi ndi zimene mukuchitazi," ndinamva thupi lonse kupepuka. Ndinakuona ukupukuta misozi uku ukunamizira kufunafuna foni m'kachikwama. Miyezi isanu ndi iwiri yatha chichitikireni ukwati wako. Amuna ako aKondwani ali okha ku Mzuzu, iwe uli kuno kutsuka phazi la mayi ako. Ndikudziwa kuti abale awo anayamba kufunsa ngati mwana wawo anakwatira mkazi kapena chithunzi cha pafoni. Sunandiuze, koma nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, mawu amadutsa. Ndinkaopa kwambiri kuti banja lako litha lisanayambe, ndipo wolithetsa ndikhala ine. Mawa ukukwera basi, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti akukudikirabe.

M'chikwama chako chachikulu, pansi pa zitenje, ndaikamo sikelo yatsopano. Ndaibisa dala kuti usaitulutse n'kuisiya kuno ponamizira kuti ikulemera. Amayi ena amapatsa ana awo mapoto ndi mbale, koma zimenezo anzako a kutchalitchi anakupatsa kale zokwanira kutsegulira shopu. Ine ndakupatsa chinthu chimene ndikanakhala nacho zaka khumi zapitazo bwenzi usanachedwe kupita kubanja kwako. Uzikwerapo m'mawa uliwonse. Ndibwereza mawu amenewa kangapo m'kalata muno, upirire monga mwa dzina lako.

Uli wakhanda ndinkapita nawe ku sikelo mwezi uliwonse osaphonya. Ankakukoleka m'kansalu, iwe n'kumalira mpaka amayi onse kutembenuka, kenako anamwino n'kuika kadontho pakhadi lako. Tonse tinkadziwa lamulo lake: mzere uzikwera. Mzere wa mwana ukakwera, mayi ankatuluka atadzutsa mutu. Ukaima kapena kutsika, ankakufunsa pamaso pa anzako kuti mwanayu mukumudyetsa chiyani. Mwezi wina unatsegula m'mimba, mzere wako n'kugwa, ndipo ndinalira njira yonse yobwerera kunyumba. Lamulo limenelo linali labwino kwa mwana. Kulakwa kwanga kunali kulitenga n'kukula nalo. Utakwanitsa zaka zisanu tinasiya kupita ku sikelo, ndipo palibe anandiuza kuti kwa munthu wamkulu mzere uja uyenera kugona. M'mutu mwanga munatsala zoti kukwera ndi moyo, kutsika ndi matenda. Iwe usatengere zimenezo. Wakula, wafika pamene thupi lako liyenera kukhala, ndipo ntchito yako tsopano ndi kulisunga pomwepo.

Za bambo ako umadziwa kuti anadwala nthawi yaitali, koma unali wamng'ono, sunamve zimene zinkanenedwa kunja. Anali ndi chotupa kummero, chakudya sichinkadutsa, ndipo anaonda mpaka ndinkawanyamula ndekha kuwatulutsa padzuwa. Atamwalira nanenso ndinaonda. Ndi chisonicho, chakudya chinkangondinunkha. Tsiku lina ndili pamzere wa madzi kumpopi, ndinamva amayi awiri kumbuyo kwanga, poganiza kuti phokoso la ndowa likuwabisa.

"Telala uja mwamuona koma? Khosi latalikatu."

"Aaa, inu, mukufunsanso? Ndi zomwezi. Amuna ake aja si mmene anapitira?"

Sabata yomweyo mayi wina anabwera kudzatenga nsalu yake ndisanaidule, akuti wasintha maganizo. Ndinalowa m'nyumba, ndinadziyang'ana pagalasi, n'kulumbira kuti anthu amenewa ndiwayankha. Ndinawayankha ndi pakamwa, koma osati polankhula. M'mawa mandasi anayi ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga. Masana tchipisi cha pachiwaya ndi chakumwa chozizira. Buledi ndinkapaka majarini mbali zonse ziwiri. Ndinagulanso kumsika timapiritsi tina topatsa chilakolako cha chakudya, popanda dokotala aliyense kundiuza. Patatha chaka, mmodzi wa amayi a kumpopi aja anandiimitsa panjira n'kunena kuti, "Eee, amayi a Pili, mwasinthatu! Zikukuyenderani." Ndinasangalala tsiku limenelo ngati ndapambana mlandu.

Lero ndikaganiza ndimachita manyazi kawiri. Koyamba, chifukwa ndinapereka thupi langa kwa anthu oti sandidyetsa kuti azilipima ndi maso awo. Kachiwiri, chifukwa ndinkathawa dzina la matenda ngati kuti ndi tchimo. AnaMbewe oyandikana nafewa amamwa mankhwala a matenda omwewo zaka zonsezi, sabisa, amachita kunena okha pagulu, ndipo pokwera chitunda chochokera kumsika amandisiya kumbuyo ine wonenepane ndikupuma wefuwefu. Choncho, Pilirani, anthu akati wanenepa kapena waonda, uziseka nawo, koma wokuuza zoona ali pansi pa zitenje zako.

Kulakwa kwina ndi kwa ntchito yathuyi, ndipo kukukhudza chifukwa ndinakuphunzitsa kusoka. Mayi wamba amadziwa kuti wanenepa tsiku limene zipi yakana kukwera. Amalimbana nayo, amatukwana, kenako amabwera kwa ine kuti, "Atelala, diresi ili lachepa, kaya ndi kuchapa." Ine ndimaseka chamumtima chifukwa ndimadziwa kuti diresi lilibe mlandu. Koma telala zipi yake siikana. Madiresi anga onse ndinkasoka n'kusiya nsalu yambiri mkati mwa msoko. Likayamba kundigwira m'chiuno, ndinkangolivula, kumasula ulusi, kupalasa mashini pang'ono, basi lakwana. Palibe ankadziwa, ngakhale ine mwini ndinkaiwala kuti ndachita zimenezo. Nsalu ya mkati ikatha ndinkaikamo kachidutswa m'mbali n'kunena kuti ndi sitayilo. Tepi yoyezera inkakhala m'khosi mwanga kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndayeza ziuno za theka la amayi a Bangwe, za akwati, za amayi a mvano, za ana a sukulu, koma changa sindinachiyezepo. Nanga chitenje ndiye chinkandinamiza kwambiri, chifukwa chimakwana aliyense, wowonda ndi wonenepa yemwe.

Diresi lobiriwira lija ndakusokera sabata yathayi, ulitembenuze uone. Sindinasiyemo nsalu mkati. Unadandaula kuti ndaumira, koma ndinachita dala. Likadzayamba kukugwira, usadzafunefune lumo lomasulira ulusi. Udzakwere pasikelo, udzayang'ane zimene wakhala ukudya.

Mmene zinathera ukudziwa, koma ndifuna uzione zitalembedwa. Patangotha masiku anayi ukwati wako utachitika, ndinaponda kapini pansi pa mashini. Kapini, chinthu chimene ndachiponda kambirimbiri. Kabala kake sikanapole. Phazi linatupa, linayamba kununkha, ndipo iwe unamasula katundu amene unali utamanga kale. Kuchipatala anandikweza pasikelo, anamwino n'kunena kuti makilo 98. Ndinakangana nawo.

"Sisitala, sikelo yanuyi ndi yowonongeka. Ine ndimalemera 70."

"Munayeza liti, mayi?"

Ndinaganiza, ndinaganiza, n'kupeza kuti ndinayeza komaliza iwe uli sitandade sikisi. Anamwino aja anaseka, koma osati monyoza. Anati, "Mayi, makilo awa sanabwere tsiku limodzi. Ankabwera imodziimodzi, inu osawaona. Kilo imodzi ndi mlendo, mutha kuiperekeza. Akafika khumi ndiye kuti amanga nyumba." Anandiuzanso kuti shuga amayenda m'magazi a pabanja, ndipo anayang'ana iwe ponena zimenezo. Agogo ako anadulidwa mwendo kumudzi tisanadziwe n'komwe dzina la matenda awo. Thupi lako ndi langa, Pilirani, mapewa, chiuno, ngakhale kukonda zotsekemera. N'chifukwa chake sindikukulangiza za kuchepetsa thupi, iwe ulibe choti uchepetse. Ndikukulangiza kuti uziona mlendo uja akangofika pakhomo.

Sikelo imene unandigulira ku Limbe ija nayonso ndinalakwa nayo, ndipo useke ngati ukufuna. Masiku oyambirira ndinkaiyendetsa nyumba yonse kufunafuna malo achifundo. Simenti yathu ndi yosalingana, ndipo ndinatulukira kuti pafupi ndi chitseko cha kuchipinda sikelo imandichotsera makilo awiri. Pamkeka inkachotsa atatu. Ndinkakuuza nambala ya pamkeka mokondwa, mpaka tsiku limene unandipeza nditaiika pamenepo, phazi limodzi likukhudza pansi. Unangotenga choko changa chodulira nsalu, n'kujambula mzere kuzungulira sikelo pakona ya pabalaza. Ndinakwiya tsiku lonse chifukwa mwana wanga wandigwira bodza. Ukafika ku Mzuzu usankhe malo amodzi olimba ndi osalala, sikelo izikhala pomwepo. Uzikwera ukangodzuka, utapita kuchimbudzi, usanamwe tiyi, utavala chitenje chimodzi chomwecho. Nambala uzilemba pakalendala, kaya yakusangalatsa kaya yakukwiyitsa. Kunamiza sikelo n'kudzinamiza wekha, ine ndayesa.

Kulakwa kotsatira kunali koopsa, ndipo pano usaseke. Tsiku lina tinadya usipa wouma wa mchere wambiri, m'mawa mwake sikelo n'kuonjeza kilo yathunthu. Ndinachita mantha kuti zonse zabwerera. Ndinamwa mapiritsi anga a shuga, osadya kanthu, n'kunyamuka kupita ku Limbe kukagula ulusi. M'minibasi maso anachita mdima, thukuta lozizira thupi lonse. Mayi wina amene anakhala pambali panga ndiye anakuwa kuti, "Adiraiva, imani, amayi awa akukomoka!" Anandimwetsa chakumwa chotsekemera pasiteji, ndipo iwe ndinakuuza kuti linali dzuwa chabe. Nditawafotokozera anamwino anandikalipira zenizeni. Anati thupi limasunga madzi ukadya mchere, limasunganso mkazi akayandikira kumwezi, ndipo kilo ya tsiku limodzi si mafuta. Choncho uziyeza tsiku lililonse, koma usamaweruze tsiku lililonse. Lamlungu ukachoka kutchalitchi uziyang'ana manambala a sabata yonse. Ngati akukwera ndi kutsika pamalo omwewo, palibe nkhani. Ngati akwera masabata awiri kapena atatu motsatizana, chepetsa shuga mu tiyi, siya zokazinga, tsika minibasi siteji imodzi usanafike kwanu uyende pansi. Koma njala ayi. Usadzagone ndi njala chifukwa cha nambala, ndipo ukadzaona kuti sikelo yayamba kukusowetsa mtendere mpaka kuopa chakudya, udzaiike pansi pa bedi, upite kuchipatala ukalankhule ndi anamwino.

Mulungu akadzakupatsa pathupi, lamulo lonseli lidzaime kaye. Nthawi imeneyo thupi liyenera kukwera, ndipo udzamvere a kuchipatala okha, osati ine, osati kalendala. Koma ukadzachira, mwana akadzayamba kukwawa, udzabwerere pakona pako. Amayi ambiri amene ndawakulitsira madiresi amati ndi thupi la uchembere, pomwe mwanayo ali kale ku sekondale.

Palinso masiku amene mwendo umakana wokha kukwera pasikelo. Ine anali masiku a pambuyo pa zinkhoswe ndi maphwando. Ukukumbukira ukwati wa mwana wa anaMbewe mwezi wa Disembala? Ndinasoka madiresi a operekeza onse, ndipo ankanditumizira mbale kuchokera kophika, mpunga wamafuta, nkhuku yokazinga, keke. Ndinati ndingolawa. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. M'mawa mwake ndinadutsa pakona paja nditayang'ana kudenga. Mawa lake chimodzimodzi, mpaka masiku asanu ndi anayi, ndikukuuza kuti phazi likundipweteka sindingaime bwino. Nditakwerapo ndinapeza makilo atatu atakhazikika, ndipo anatenga mwezi ndi theka kuti achoke. Ndikanakwera tsiku loyamba lija ndikanapeza imodzi. Phwando udye, usangalale, uvine, moyo si chipatala. Koma m'mawa mwake ukwere, makamaka tsiku limene sukufuna.

Tsopano za kumene ukupita. Apongozi ako ndi anthu abwino, ndinawaona paukwati, koma adzafuna unenepe. Kwathu kuno mkazi akakwatiwa n'kusanenepa, anthu amati mwamuna sakumusamala. Azilamu ako adzakuyang'ana m'masaya miyezi itatu yoyambirira ngati akudikira mbewu kumera. Adzakuwonjezera chakudya m'mbale usanapemphe, ndipo ukakana adzati mkazi wa ku Blantyre ndi wonyada. Usakangane nawo, ndiponso usawaphunzitse za shuga ngati ndiwe dokotala. Landira ndi manja awiri, yamikira ndiwo, idya pang'onopang'ono kuti mbale isaoneke yopanda kanthu msanga. Masamba ndi nyemba uzipempha kuwonjezera, wophika amasangalala ndi aliyense wopempha zina. Akalimbikira, uwauze za phazi la mayi ako. Ndakupatsa chilolezo, nena zonse, ngakhale za kununkha. Ndibwino aseke ine kusiyana n'kuti iwe udzaone zimene ndaona.

Amuna akonso uwakweze pasikelo. Ndinaona pachithunzi chimene anatumiza mwezi watha kuti batani la pamimba layamba kuvutika. Miyezi isanu ndi iwiri ya tchipisi ndi soseji za panjira, poti mkazi wawo ndinawalanda ine. Amuna amati kamimba ndi ulemu, ndi chizindikiro choti munthu ali pantchito. Usawanyoze, mwamuna ukamunyoza thupi amakusungira mumtima. Ungoika sikelo pamalo poti azidutsapo, uzikwera iwe iwo akuona. Amuna sapirira kuona chinthu cha manambala osachiyesa. Mukamayenda madzulo awiriwiri mudzapezanso nthawi yokambirana zimene foni inalephera miyezi yonseyi, ndipo zilipo zambiri. Undipepesere kwa iwo. Mkamwini wina akanatopa kalekale.

Za ine usade nkhawa. Dzulo anandipeza ndi makilo 86. Sindinafike kumene adokotala akufuna, koma pang'onopang'ono ndi mtolo. AnaMbewe alonjeza kuti tizipita limodzi kumsika wapansi, ndipo ukuwadziwa, sadzandilola kukwera kabaza ngakhale mvula igwe. Mapiritsi ndawaika pa mashini pamene sindingawaiwale. Pansi ndimasesa ndi maginito wotolera mapini kawiri pa tsiku, ndipo sindipondanso popanda nsapato. Ndikatsokomola pafoni usathamangire kukwera basi. Ndikadzadwala zenizeni ndidzakuuza ndekha, ndalonjeza.

Chatsala chimodzi, ndipo ndicho chandichititsa kulemba m'malo molankhula. Miyezi yonseyi m'mawa uliwonse wakhala ukugwada pakona paja kundiwerengera nambala, chifukwa ndinakuuza kuti ndikaima pasikelo mimba imanditchinga, sindiona kumapazi. Poyamba zinali zoona. Koma kuyambira mwezi wa Febuluwale ndimaiona bwinobwino nambalayo, ndimaiwerenga iwe usanatsegule pakamwa. Ndinangokhala chete. Ndinkakonda kuona pamutu pako utawerama pamapazi anga, ndinkakonda kumva ukuti, "Amayi, yatsikanso." Ndipo tsiku lina nditakumva ukuuza aKondwani pafoni kuti, "Sindingabwere pano, amayi satha ngakhale kudziyeza okha," ndinali kuseri kwa chitseko, ndipo sindinatuluke kudzakutsutsa. Ndinakubera masabata angapo a banja lako chifukwa choopa nyumba yopanda munthu. Ndikhululukire, mwana wanga. Ndanyamula chinthu chimenechi mumtima nthawi yaitali, ndipo pamene ndachilemba apa ndapuma.

Kalatayi ndikupatsa basi ikamanyamuka kuti usapeze mpata wotsika. Loweruka m'mawa ndidzakwera ndekha, ndidzawerenga ndekha, ndipo ndidzakutumizira nambala yoona. Iwenso udzanditumizire yako, uli m'nyumba mwako.

Pita bwino, Pilirani. Amuna ako adikira mokwanira.

Ndine mayi ako.